Mtima ukuthamanga chiyambireni mankhwala a chithokomiro: kodi vuto ndi mavitamini?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anapempha kuti ndisatchule dzina lake. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake zonse zili momwemo:

"Ndili ndi zaka 41. Miyezi itatu yapitayo anandipeza ndi matenda a Hashimoto, ofooketsa chithokomiro, ndipo anandiyambitsa levothyroxine wa 50 mcg. Ndinkayembekezera kuti kutopa kutha, koma m'malo mwake mtima ukumathamanga, manja akunjenjemera ndipo usiku tulo sitikubwera. Nditayezetsanso, TSH (homoni imene imakwera m'magazi pamene homoni ya chithokomiro ili yochepa) yangotsika pang'ono, ikadali pa 9, ndipo adokotala akufuna kukweza mlingo, zomwe zikundichititsa mantha. Piritsi ndimamwa m'mawa ndi khofi wothira mkaka, pamodzi ndi piritsi la mavitamini osiyanasiyana, ndipo posachedwapa ndagulanso mapiritsi okulitsa tsitsi chifukwa likuthothoka. Msambo wanga wakhala wochuluka kwa zaka ziwiri. Ndinawerenga kuti munthu amene mavitamini ake ndi ochepa sayanjana ndi mankhwalawa. Kodi n'zoona? Ndisiye kaye mankhwala mpaka mavitamini akwere?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yolongosoka chonchi. Ndiyamba ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndilo lofulumira: musasiye mankhwala panokha, komanso musakweze kapena kutsitsa mlingo musanakambirane ndi adokotala amene akukuonani. Pa funso loyamba lija, zimene munawerengazo zili ndi choonadi mkati mwake, koma mawu oti "mavitamini" aphimba zinthu zitatu zosiyana zimene ziyenera kulekanitsidwa. Pali zimene zimachititsa thupi kulephera kupirira homoni ikalowa m'magazi, pali zimene zimatsekereza piritsi kuti lisalowe n'komwe m'magazi, ndipo pali zimene zimanamiza makina oyezera magazi. M'kalata yanu ndaonamo zonse zitatu, ndipo chimene chandikopa maso kwambiri si vitamini ayi, ndi ayironi.

Choyamba tidziwe chimene mukumwacho. Levothyroxine si chinthu chachilendo m'thupi mwanu. Ndi homoni yomwe ija ya T4 imene chithokomiro chathanzi chimatulutsa, yongopangidwira kufakitale. Edward Kendall anaipatula koyamba mu 1914 ku chipatala cha Mayo Clinic ku United States, ndipo mu 1927 Charles Harington ndi George Barger anakwanitsa kuipanga mu labotale ku Britain. Ikalowa m'magazi, chiwindi, impso ndi ziwalo zina zimaisandutsa T3, imene ndiyo imagwira ntchito yeniyeni yofulumizitsa thupi: mtima umagunda mwamphamvu ndiponso mofulumirirapo, thupi limatentha, ndipo maselo onse amayamba kufuna mpweya wa okosijeni wochuluka. Choncho munthu akanena kuti sakuyanjana ndi levothyroxine, nthawi zambiri sikuti thupi lake likukana homoniyo ngati mmene limakanira mankhwala otulutsa zidzolo. Kawirikawiri zimakhala kuti mlingo wabwera mwamphamvu kuposa mmene thupi linakonzekera, kapena pali vuto lina lobisika limene homoniyo yaliulula.

Apa ndi pamene kuchepa kwa magazi kukulowera. Chithokomiro chikafooka, thupi lonse limayenda pang'onopang'ono, ndipo silifuna okosijeni wambiri. Munthu angathe kukhala ndi magazi ochepa kwa zaka popanda kuzindikira, chifukwa zochepa zimene magaziwo akunyamula zikukwanira thupi lofookalo. Ndiyeno piritsi likafika n'kudzutsa maselo, onse amayamba kuitanitsa mpweya nthawi imodzi, pamene maselo ofiira oti aunyamule ndi ochepa. Mtima ulibe njira ina koma kuthamanga kuti magazi ochepa omwewo azungulire kangapo. Mukakwera masitepe khumi okha mumaima n'kugwira khoma, befu ali wefuwefu, ndipo usiku mukagona chammbali mumamva kugunda kwa mtima m'khutu limene latsamira pilo. Zizindikirozi zimafanana ndithu ndi za munthu amene wamwa homoni yopitirira muyeso, komatu TSH yanu ya 9 ikusonyeza kuti homoni ikadali yosakwanira. Kusemphana kumeneku, koti thupi likuoneka ngati lachulukirwa pamene magazi akuti lachepekedwa, ndiko kumachititsa kuti tiganizire za ayironi.

Zimenezi zinalembedwapo. Mu 2000, madokotala ena anafalitsa m'magazini ya Mayo Clinic Proceedings nkhani ya odwala anayi amene anali ndi chithokomiro chofooka pamodzi ndi kuchepa kwa magazi kobwera chifukwa chosowa ayironi. Onse atayamba levothyroxine anamva kugunda kwa mtima, mantha ndi kusakhazikika, moti mankhwala anaimitsidwa. Atapatsidwa ayironi kwa milungu ingapo n'kuyambiranso homoniyo pa mlingo wochepa, anaipirira bwinobwino. Anthu anayi si ambiri, ndipo sindingamange lamulo pa iwo, koma zimene zinawachitikirazo zikugwirizana ndi mmene mtima ndi magazi zimagwirira ntchito, ndiponso kuyezetsa kwake n'kosavuta moti palibe chifukwa chokuzembera. Onani kuti ngakhale pamenepa amene anaimitsa mankhwala anali madokotala, atayeza magazi, osati odwalawo paokha.

Msambo wochuluka umene mwautchula kumapeto, ngati kuti ndi nkhani yapambali, ndiwo mwina phata la zonsezi. Chithokomiro chofooka chimachititsa msambo kuchuluka ndi kutenga masiku ambiri, msambowo umatha ayironi m'thupi mwezi ndi mwezi, ndipo ayironi akachepa chithokomiro chimavutikanso kwambiri, popeza enzaimu imene imamanga homoni, yotchedwa thyroid peroxidase, imadalira ayironi kuti igwire ntchito. Vuto lina limadyetsa linzake. Ndiye pali kuthothoka kwa tsitsi, kutopa ndi kuzizidwa, zimene zimabwera ndi mavuto onse awiriwa, kotero kuti munthu amaloza chala chithokomiro chokha n'kuiwala magazi. Dziyang'aneni pagalasi n'kukokera pansi chikope cha m'munsi: mkati mwake muyenera kukhala mofiira, osati motuwa. Onaninso ngati zikhadabo zikuthetheka kapena kulowa mkati ngati supuni, ngati miyendo imakana kukhazikika usiku, kapena ngati mumalakalaka kutafuna zinthu zosadyedwa monga madzi oundana. Izi sizilowa m'malo mwa kuyezetsa, koma n'zofunika kuuza adokotala.

Muwapemphe kuti ayeze magazi onse (full blood count) komanso ferritin. Bungwe la World Health Organization limati mayi amene si woyembekezera ali ndi magazi ochepa ngati hemoglobin yake, chinthu chonyamula okosijeni m'maselo ofiira, ili pansi pa 12 g/dL, ndipo kwa abambo malire ndi 13. Koma hemoglobin imatsika mochedwa, nkhokwe ya ayironi itatha kale, ndipo ferritin ndiyo imaonetsa nkhokweyo. Ikakhala pansi pa 15 palibenso kukayika, ndipo madokotala ambiri amaona kuti pansi pa 30 ayironi ndi wosakwanira kale. Chenjezo n'lakuti ferritin imakwera munthu akakhala ndi matenda otupitsa kapena malungo a mtundu uliwonse m'thupi, choncho ingaoneke yabwino pamene nkhokwe ili mbee. Musagule mapiritsi a ayironi musanayezetse. Thupi lilibe njira yabwino yotayira ayironi wopitirira, ndipo amaunjikana m'chiwindi. Komanso ngati magazi akuchepa, pafunika kudziwa kumene akuthera, chifukwa msambo wochuluka pa msinkhu wanu ungabwerenso ndi zotupa za m'chiberekero zimene zimafuna chithandizo chakechake.

Chovuta n'chakuti ayironi yemweyo amene angakuthandizeni ndiyenso mdani wamkulu wa piritsi lanu akakumana m'mimba. Amamatirira ku levothyroxine n'kupanga chinthu chimene matumbo sangathe kuyamwa. Mu 1992, m'magazini ya Annals of Internal Medicine munatuluka kafukufuku wa odwala 14 amene anamwa mapiritsi a ayironi a ferrous sulfate nthawi imodzi ndi homoni yawo kwa milungu 12, ndipo TSH yawo inakwera kuchoka pa avereji ya 1.6 kufika pa 5.4. Kashiamu amachitanso chimodzimodzi, monga anasonyezera kafukufuku wa m'magazini ya JAMA mu 2000, mmene TSH inakwera anthu atayamba kumwa calcium carbonate n'kutsikanso atasiya. Maginiziyamu, zinki ndi mankhwala a kutentha pamtima okhala ndi aluminiyamu ali m'gulu lomwelo. N'chifukwa chake lamulo lake limati pakati pa levothyroxine ndi zinthu zimenezi pazidutsa maola anayi. Tengani botolo lanu la mavitamini osiyanasiyana muwerenge timalemba ting'onoting'ono takumbuyo. N'kutheka kwambiri kuti mupezamo ayironi, kashiamu, maginiziyamu ndi zinki, onse pamodzi, ndipo m'mawa uliwonse akhala akutsika kukhosi limodzi ndi homoni yanu. Chomvetsa chisoni n'chakuti ayironi wa m'mapiritsi oterewa ndi wokwanira kusokoneza levothyroxine koma nthawi zambiri ndi wochepa kwambiri kuti achize kuchepa kwa magazi kwenikweni.

Nanga khofi? Munthu akamwa levothyroxine ndi madzi m'mimba mulibe kanthu, pafupifupi 60 mpaka 80 peresenti ya piritsilo imalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono. Mu 2008 ofufuza a ku Italy anaonetsa kuti kumwera piritsi khofi kumachepetsa kuyamwidwa kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, koma khofi yemweyo akamwedwa patatha ola limodzi savutitsa. Mkaka umawonjezera kashiamu wake pamwamba pake. Ndiye ganizirani m'mawa wanu: piritsi la 50 mcg, kenako khofi, mkaka, ndi piritsi la mavitamini lija. Zimene zimafika m'magazi n'zochepa kuposa zimene zalembedwa pabokosi, ndipo zimasintha tsiku ndi tsiku malinga ndi kuchuluka kwa mkaka kapena ngati mwaiwala mavitamini. M'pake kuti TSH yakana kutsika. Ndiwonjezere kuti khofi payekha amathamangitsa mtima, amanjenjemeretsa manja ndi kuthawitsa tulo, ndipo munthu amene wakhala wotopa kwa zaka amazolowera kumwa makapu ambiri kuti angodzuka. Pamene chithokomiro chinali chofooka thupi silinkawamva makapuwo, koma tsopano likhoza kuwamva. Khofi ndi tiyi zimachepetsanso ayironi amene matumbo amayamwa kuchokera ku chakudya.

Tsopano mvetserani bwino mfundo iyi, chifukwa ndi imene anthu ambiri amaiphonya. Mukakonza kamwedwe, n'kuyamba kumwa piritsi ndi madzi okha n'kudikira mphindi 30 mpaka 60 musanadye, homoni yolowa m'magazi iwonjezeka ngakhale piritsi lili lomwelo. Kwa thupi lanu, kumeneko n'kukweza mlingo. Ngati adokotala akwezanso mlingo papepala sabata yomweyo osadziwa za khofi ndi mavitamini aja, ndiye kuti mwakwezedwa kawiri, pamene mtima ukudandaula kale. Choncho muwauze zonse zimene mwandiuza ine, mmene mumamwera ndi zimene mumamwera, asanalembe mlingo watsopano. N'kutheka kuti angasankhe kusiya mlingo pomwepo, kukonza kamwedwe ndi magazi, n'kuyezanso pambuyo pake. Angathenso kuutsitsa kaye kufika pa 25 mcg kapena 12.5 mcg n'kumakweza pang'onopang'ono, monga amachitira ndi okalamba ndi odwala mtima. Mlingo wathunthu wa munthu wamkulu amene chithokomiro chake chasiyiratu ntchito umakhala pafupifupi 1.6 mcg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, koma palibe lamulo loti munthu afikepo mothamanga.

Ngati kudikira m'mawa n'kovuta, piritsili lingathe kumwedwa pogona, patatha maola atatu kuchokera pa chakudya chamadzulo. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2010 anapeza kuti kamwedwe kameneka kamagwira ntchito bwino, mwinanso kuposa ka m'mawa. Ena amaopa kuti liwasowetsa tulo, koma levothyroxine sagwira ntchito ngati khofi. Amakhalitsa m'magazi, moti pamatenga pafupifupi masiku 7 kuti theka lake lithe, ndipo zimene mukumva lero n'zochokera ku mapiritsi a milungu yapitayi, osati la m'mawa uno lokha. Pa chifukwa chomwecho, TSH imayezedwa patatha milungu 6 mpaka 8 kuchokera pamene chilichonse chasinthidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndondomeko imene imayenda bwino kwa ambiri ndi homoni m'mawa kwambiri, ayironi masana kapena madzulo ndi chipatso chokhala ndi vitamini C, ndipo kashiamu, ngati akufunikadi, pa nthawi inanso, popeza iye ndi ayironi amatsekerezananso.

Pa mavitamini enieni, amene ndimamuika patsogolo ndi B12. Matenda a Hashimoto, amene dokotala wa ku Japan Hakaru Hashimoto anawafotokoza mu 1912, amayamba chitetezo cha m'thupi chikatembenukira chithokomiro, ndipo chitetezo chimene chasokonekera kamodzi chimakonda kutembenukiranso ziwalo zina. Chimodzi mwa izo ndi chifu. Chikawononga maselo a m'chifu amene amatulutsa asidi ndi puloteni yonyamula B12, munthu amasowa B12 ngakhale akudya bwino, amasowanso ayironi chifukwa ayironi amafuna asidi kuti ayamwidwe, ndipo levothyroxine nayenso sasungunuka bwino. Kafukufuku wa ku Italy wofalitsidwa mu New England Journal of Medicine mu 2006 anapeza kuti anthu amene chifu chawo chinawonongeka motere, kapena amene anali ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, ankafuna homoni yochuluka ndi 22 mpaka 34 peresenti. Mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole amachitanso zofanana, ndipo metformin wa matenda a shuga amatsitsa B12 akamwedwa kwa zaka. Kusowa B12 kumabweretsa dzanzi ndi kubayabaya m'manja ndi m'mapazi, lilime losalala lopweteka, kuiwalaiwala, kudzandira, komanso kuchepa kwa magazi kumene kumathamangitsa mtima mofanana ndi kuja kwa ayironi. Kuwonongeka kwa mitsempha kukakhalitsa sikubwereranso mwakale, choncho ameneyu ndi woyenera kuyezedwa. Chenjezo lina: folic acid angakonze magazi n'kubisa kusowa kwa B12 pamene mitsempha ikupitirira kuwonongeka.

Matumbo nawo ali ndi nkhani yake. Matenda a celiac, mmene puloteni ya gluten ya mu tirigu imawononga mkati mwa matumbo aang'ono, amapezeka kwambiri mwa anthu a Hashimoto kusiyana ndi anthu ena, ndipo nthawi zina chizindikiro chake chokha chimakhala ayironi wokana kukwera ndi TSH yokana kutsika. Amayezedwa ndi magazi, koma munthu ayenera kukhala akudyabe tirigu pa nthawi yoyezetsayo, apo ayi zotsatira zimanama. Kwa amene alibe celiac, palibe umboni wolimba woti kusala tirigu kumachiza chithokomiro, ngakhale kuti pa intaneti zimenezi zimalengezedwa mokweza.

Pali chinthu china chimene si vitamini, koma sindingachisiye chifukwa ndicho choopsa kwambiri pa zonse zimene zimachititsa munthu kudwalirapo atayamba levothyroxine. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri timene timatulutsa homoni ya cortisol, ndipo chitetezo cha m'thupi chingathe kutiwononga monga chimawonongera chithokomiro. Amenewa ndi matenda a Addison. Homoni ya chithokomiro imafulumizitsa kutha kwa cortisol m'thupi, kotero kuti munthu amene anali nayo yochepa kale angagwe mwadzidzidzi. Si matenda ofala, koma zizindikiro zake muzidziwe: kuonda popanda chifukwa, chizungulire poimirira, nseru ndi kusanza, kulakalaka mchere, kufooka kwakukulu, ndi kuda kwa khungu m'mizere ya m'manja, m'zipsera ndi m'nkhama. Amayezedwa ndi magazi otengedwa m'mawa. Ngati mukomoka, kusanza kosalekeza, kumva kupweteka pachifuwa, kubanika mutangokhala, kapena mtima ukugunda mosalongosoka ngati ukudumphadumpha, musadikire tsiku limene anakupatsani, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Homoni yopitirira muyeso ingayambitse kagundidwe kolakwika ka mtima kotchedwa atrial fibrillation, ndipo kuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG kumatenga mphindi zochepa.

Tibwere ku mapiritsi anu a tsitsi. Ambiri a iwo amakhala ndi vitamini wotchedwa biotin wa 5,000 kapena 10,000 mcg, pamene munthu wamkulu amafuna 30 mcg yokha patsiku. Biotin sakhudza chithokomiro ndipo satsekereza piritsi, koma amasokoneza makina ambiri oyezera, chifukwa makinawo amagwiritsa ntchito biotin pogwira homoni imene akuyeza. Zotsatira zake TSH imaoneka yotsika kuposa mmene ilili, ndipo T4 ndi T3 zimaoneka zokwera, moti munthu angaoneke ngati wachulukirwa mankhwala kapena ali ndi matenda a Graves, otulutsitsa chithokomiro homoni yambiri, pamene alibe. Ngati munali mutayamba kale mapiritsiwa pamene munayezetsa, n'kutheka kuti TSH yanu yeniyeni ndi yoposa 9. Bungwe la American Thyroid Association limalangiza kusiya biotin kwa masiku osachepera awiri musanayezetse. Mu 2017 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku United States, la FDA, linachenjeza kuti biotin amanamizanso kuyeza kwa troponin, kumene madokotala amadalira pofuna kudziwa ngati mtima wavulala. Kwa munthu amene akudandaula za mtima ngati inu, chimenechi chokha n'chifukwa chokwanira choika botololo pambali.

Pa vitamini D ndidutsa mofulumira, ngakhale kuti ndi amene amatchulidwa kwambiri. Anthu a Hashimoto ambiri amapezeka naye wochepa, ndipo kusowa kwake kumabweretsa kuphwanya kwa thupi ndi kufooka kwa minofu kumene munthu angakuyese kuipa kwa mankhwala. Akachepadi, kumuwonjezera n'koyenera chifukwa cha mafupa. Koma palibe umboni wabwino woti iye ndi amene amachititsa munthu kupirira kapena kusapirira levothyroxine. Payekha satsekereza piritsi, vuto n'lakuti nthawi zambiri amagulitsidwa atasakanizidwa ndi kashiamu.

Seleniyamu ali ndi mbiri yokopa chifukwa ma enzaimu amene amasandutsa T4 kukhala T3 amamangidwa ndi iye. Munthu wamkulu amafuna 55 mcg patsiku, ndipo nsomba, mazira ndi nyama zimapereka zimenezi mosavuta. Kafukufuku wina waonetsa kuti mapiritsi a 200 mcg amatsitsa nambala ya asilikali a chitetezo cha m'thupi olimbana ndi chithokomiro, koma kafukufuku wamkulu wa ku Denmark anapeza kuti amene anamwa seleniyamu sanamve bwino kuposa amene anamwa mapiritsi opanda kanthu. Akachuluka amathothola tsitsi ndi kuthetha zikhadabo, zomwe zija mukuzithawa.

Ayodini ndiye msampha weniweni. Anthu amaganiza kuti popeza chithokomiro chimagwiritsa ntchito ayodini, kumuwonjezera kuthandiza. Kumene ayodini ndi wosowa m'zakudya zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake mayiko ambiri amamuthira mumchere. Koma mu Hashimoto vuto si kusowa ayodini, ndipo wochuluka amakolezera kutupa kwa chithokomiro, n'kuchifooketsa kwambiri kapena kuchitulutsitsa homoni mosalamulirika mwa ena. Munthu wamkulu amafuna 150 mcg patsiku, ndipo piritsi lanu lili naye kale, popeza pafupifupi 65 peresenti ya kulemera kwa levothyroxine ndi ayodini. Mapiritsi a ndere za m'nyanja ndi aja olembedwa kuti amathandiza chithokomiro muwapewe, chifukwa ena mwa iwo anapezeka ndi homoni yeniyeni ya T3 ndi T4 yosalembedwa pabotolo, ndipo zimenezi zokha zingathamangitse mtima.

Za kabichi ndi masamba a mtundu wake musade nazo nkhawa. Ali ndi zinthu zimene zingasokoneze kagwiritsidwe ntchito ka ayodini m'chithokomiro, koma pamafunika kudya ambiri zedi osaphika, ndipo kwa munthu amene homoni yake ikuchokera m'piritsi nkhaniyi ilibe mphamvu. Soya ndi zakudya za gaga wambiri zimachepetsa kuyamwidwa kwa piritsi zikadyedwa pafupi nalo, choncho chofunika n'kuzitalikitsa ndi kusasinthasintha kadyedwe mwadzidzidzi, osati kuzisala.

Magazi, B12 ndi kamwedwe zikakonzedwa koma vuto n'kupitirira, m'pamene timayang'ana piritsi lenilenilo. Homoni imene ili mkati ndi yochepa zedi, ndipo zotsalazo ndi zomangira monga lactose, wowuma ndi utoto. Mu 2017 ku France, kampani ya Merck itasintha kapangidwe ka levothyroxine wake wotchedwa Levothyrox pochotsa lactose n'kuikamo mannitol ndi citric acid, anthu masauzande ambiri anadandaula za kutopa, chizungulire ndi kugunda kwa mtima, mpaka boma linalola kuti mapiritsi akale abwerere kwa kanthawi. Zifukwa zake anthu akutsutsanabe, koma nkhaniyi inaonetsa kuti ndi mankhwalawa kusintha kwakung'ono kumamveka m'thupi. N'chifukwa chake ndi bwino kuyang'ana dzina la kampani pabokosi nthawi iliyonse mukalandira mankhwala, ndipo likasintha muziuza adokotala kuti aone ngati pafunika kuyezanso. Pali levothyroxine wamadzi ndi wa makapisozi ofewa, monga Tirosint, amene savutika kwambiri ndi khofi kapena kuchepa kwa asidi, ngakhale kuti sapezeka paliponse.

Pa zaka 41, kusintha kwa mahomoni kotsogolera kusiya kusamba kungayambe, ndipo nako kumabweretsa kugunda kwa mtima, thukuta la usiku, kusowa tulo ndi msambo wochuluka. Mankhwala opopera a mphumu monga salbutamol ndi ena a chimfine okhala ndi pseudoephedrine amanjenjemeretsanso manja. Ndipo ngati pali mwayi woti muli ndi pakati, nenani msanga, chifukwa pamenepo homoni imafunika yochulukirapo kuyambira milungu yoyambirira, ndipo kusiya mankhwala kungaike mwana pangozi.

Popita kwa adokotala, ikani m'chikwama mabotolo onse amene mukumwa, ngakhale amene mukuwaona ngati opanda pake, chifukwa dzina lokha silinena zimene zili mkati. Kwa sabata imodzi musanapite, muziwerenga kugunda kwa mtima padzanja kwa mphindi imodzi yathunthu, m'mawa musanadzuke ndiponso pamene mukumva kuti ukuthamanga, n'kulemba manambalawo. Lembaninso masiku amene msambo umatenga ndi kangati patsiku mumasintha. Pemphani kuti pa TSH awonjezerepo kuyeza kwa T4 kotchedwa free T4, magazi onse, ferritin ndi B12, ndipo afunseni ngati akuona kuti cortisol, celiac ndi ECG n'zofunika kwa inu. Pa tsiku loyezetsa, ndi bwino kumwa piritsi atatenga kale magazi, chifukwa T4 imakwera kwa maola angapo munthu akangomwa.

Za tsitsi, konzekerani kuti ndilo lidzachira pomalizira. M'miyezi yoyambirira ya levothyroxine limatha kuthothoka kwambiri kuposa kale, chifukwa tsitsi lakale limene linaima kukula limakankhidwa ndi latsopano limene layamba kumera pansi pake. Ngati ayironi apezeka wochepa, hemoglobin imayamba kukwera pakatha milungu iwiri kapena inayi, koma mapiritsi amapitirizidwa kwa miyezi ina itatu magazi atakwanira kuti nkhokwe idzaze, ndipo timatsitsi tatifupi tatsopano timayamba kuoneka pamphumi nthawi imeneyo. Mukadzapeza zotsatira za ferritin ndi B12, mundilemberenso pamodzi ndi zimene adokotala agamula pa mlingo.